Mivi Yofupika ndi Zala Ziwiri

1. Mphatso ya m'mawa

Loweruka la mpikisano, Nthenga anafika kushopu ya amalume ake dzuwa litangotuluka. Dzina limeneli silinali la m'kaundula wa kusukulu ayi. Anamupatsa ndi amalume akewo, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ntchito yake inali yomata nthenga kumivi. Amayi ake ankati dzinalo linamuyeneranso pa chifukwa china: anali wopepuka moti tsiku lina mphepo ikadzakwiya adzachita kukamutola padenga la aneba.

Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'kalabu yonse ya oponya mivi munalibe wachinyamata womuposa.

Amalume ake anali kalipentala. Mkati mwa sabata ankakhoma zitseko, mabedi ndi mashelefu, koma aliyense ankadziwa kuti zimenezo n'zongopezera chakudya. Mtima wawo unali pakhoma lakumbuyo, pamene anapachika mauta asanu ndi awiri osema okha. Eni akewo anali atasiya kuponya chifukwa phewa lakumanja linkawavuta. Zimene anatsala nazo zinali ziwiri: pakamwa pawo ndi mphwawoyu.

"Wabwera?" anatero osatembenuka. "Tsinzina, utambasule manja."

Nthenga anatsinzina n'kutambasula manja. Atatsegula maso anaona mivi yake isanu ndi umodzi, ija ya nthenga zofiira. Inali itapakidwa vanishi watsopano, ndipo zitsulo za kunsonga zinkanyezimira.

Anatenga umodzi n'kuuyeza ndi mkono wake monga ankachitira nthawi zonse. Unali waufupi.

"Malume, mwaidula?"

"Zala ziwiri zokha," anayankha akupukuta manja ndi kansanza. "Inayamba kung'aluka kunsongaku. Ndachotsa mbali yowonongekayo n'kubwezerapo zitsulo. Nanga bwanji wakwinya nkhope? Kwa munthu woponya ndi diso, zala ziwiri si kanthu. Dzanja lizolowera pa muvi wachiwiri."

"Zoona, malume. Zikomo kwambiri."

Anaika miviyo m'phodo mwakachetechete.

2. Zofiira ndi zoyera

M'kalabu imeneyi munali lamulo limodzi lalikulu: uta ukhale wa mtengo, mivi ya mtengo, ndipo pa uta pasapezeke kachitsulo kapena chizindikiro chilichonse chothandiza kulunjika. Pa lamulo ili onse ankamvana. Pa zina zonse ankakangana, ndipo mkangano waukulu unali wa kalunjikidwe.

Gulu la kalipentala linkaponya ndi diso.

"Ukamagenda chipatso mumtengo, umayamba wayeza ndi tepi?" ankafunsa kalipentalayo. "Yang'ana pamene ukufuna kulasa, pokhapo basi. Muvi usauyang'ane. Dzanja lili ndi nzeru zake, bola uliphunzitse kosalekeza mpaka litasiya kukufunsa."

Gulu linalo linkatsogoleredwa ndi bambo wina wopuma pantchito amene anakalambira poyeza misewu. Anthu ankangowatchula kuti a Mlingo. Njira yawo inali ya mpata. Ukakoka uta mpaka chala chifike pakona ya mlomo, nsonga ya muvi imaoneka kutsogolo kwako. Chandamale chikakhala pafupi, nsongayo umayiika m'munsi mwake, kusiya mpata waukulu. Chikamatalikira, mpatawo umachepa, mpaka pa mtunda wina nsonga imakhala pakati penipeni pa chandamale. Mipata imeneyi umaiyesa, umailemba, n'kuiloweza ngati samu.

Kalipentala ankati imeneyo ndi ntchito ya kalaliki, osati ya munthu wa uta. A Mlingo ankabweza kuti diso ndi dzina limene anthu aulesi anapatsa mwayi. Anakangana choncho zaka khumi ndi ziwiri, pabwalo, pamsonkhano, ngakhale pamaliro a msungichuma wa kalabu anachita kuwakhazika motalikirana. Lamulo linkalola njira zonse ziwiri, n'chifukwa chake mkanganowo sunkatha. Pofuna kuti asasokonezeke, a diso ankamata nthenga zofiira, a mpata zoyera.

Miyezi inayi m'mbuyomo, Nthenga anali atatopa ndi kuphonya. Pafupi ankalasa bwino, koma chandamale chikapitirira mamita makumi atatu mivi yake inkagwera mu udzu. Amalume ake ankangoti, "Ponyanso, dzanja liphunzira." Iye ankaponyanso, udzu n'kumalandirabe.

Tsiku lina pochokera kusukulu anaima pampanda wa a Mlingo n'kumaonerera akuponya kuseri kwa nyumba yawo. Iwo anamukodola. Pasanathe theka la ola, Nthenga anali atalasa katatu motsatizana pa mamita makumi anayi.

Kuyambira pamenepo ankapatukira kumeneko Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Kwawo ankati ali kulaibulale. Manambala a mipata anawalemba kumapeto kwa kope la samu. A Mlingo anamudulira mivi isanu ndi umodzi ya nthenga zoyera, yofanana ndendende kutalika ndi yake yofiira, kuti manambalawo asamasiyane.

Amalume ake ataona kuti mwana wayamba kulasa kutali, nkhaniyo anayenda nayo paliponse. Wobwera kudzagula chitseko ankayamba wamva za diso asanamve za chitsekocho. "Mwaona? Mwana wa diso ameneyu! Awa a manambala akawerengere misewu!" Nthenga ankamva, n'kumangomwetulira.

Ndiye vuto linali apa. Manambala onse a m'kope muja ankadalira kutalika kwa muvi. Muvi ukafupika, nsonga imaonekera pena, ndipo mipata yonse imasintha.

3. Mbalame za m'mwamba

Mpikisano unachitikira m'kankhalango ka kuseri kwa bwalo la mpira. Zandamale zinali masaka odzaza nsanza, ojambulidwa mizere itatu yozungulira. Kulasa pakati kunali mapointi asanu, mzere wotsatira atatu, wakunja imodzi. Zandamale khumi zinali za m'mawa, khumi zina masana, ndipo pa chilichonse munthu ankaponya mivi itatu. Mtunda sankanena. Aliyense ankadzionera yekha.

Achinyamata analipo asanu ndi anayi, koma malo opita ku mpikisano wa dziko lonse anali awiri okha. Nthenga anali atayembekezera malo amenewa zaka zitatu.

Woweruza anali mayi wina wophunzitsa masewera kusukulu ya atsikana, wosakonda kubwereza mawu. Anaona mauta onse, anaona mivi, kenaka anaimba wezulo. Oonerera ankatsatira kuseri kwa chingwe. Amalume ake a Nthenga anali kutsogolo, pamodzi ndi anzawo awiri a gulu lofiira, wometa ndi wowotcherera.

Chandamale choyamba chinali pafupifupi mamita makumi awiri. Nthenga anakoka uta, anaika nsonga pampata umene anauloweza, n'kutaya nsinga. Muvi unalasa pamwamba pa mizere yonse, pafupi ndi pomanga thumba. Wachiwiri unakakhala pambali pa mnzakewo, mpaka nthenga kugundana. Pa wachitatu anatsitsa nsonga mongoganizira, koma anatsitsa mopitirira. Unalasa mzere wakunja, m'munsi.

"Akalipentala," anatero wometa, "mphwanuyu lero akufuna mbalame kapena?"

"Musiyeni," anayankha amalume ake. "Dzanja likudzuka kumene."

Dzanja silinadzuke. Pa chandamale chilichonse mtunda unkasintha, ndipo kulakwika kwa mpata kunkasinthanso. Akati wapeza pa muvi wachitatu, wezulo unkalira, n'kupita kwina kukayambiranso. Pa chachisanu ndi chimodzi anayesa kuchita monga amalume ake anamuphunzitsira, kuyang'ana pakati pokha. Koma maso amene azolowera kuona nsonga sasiya tsiku limodzi. Muvi unapita pamwamba pa thumba n'kukabaya mtengo.

Akuuzula mumtengomo, a Mlingo anadutsa pafupi, manja kumbuyo. Anayang'ana muviwo kamodzi kokha n'kupitirira.

Pofika nthawi yopuma, Nthenga anali pa nambala yachisanu ndi chimodzi. Wotsogolera anali mnyamata wamtali wa gulu loyera, amene anzake ankamutchula kuti Nsanamira. Wachiwiri anali mtsikana wina wa gulu lofiira, ndipo anamusiya Nthenga ndi mapointi khumi ndi asanu ndi atatu.

4. Mawu a a Mlingo

Nthenga anapita kumpopi wa kuseri kwa zipinda zosinthira. Anapezako a Mlingo akudzaza botolo lawo. Pambali pawo panali njinga, ndipo pakaliyala anamangapo paipi ya pulasitiki yotsekera mbali zonse.

"Ndi zala ziwiri, eti?" anafunsa.

"Inde, bambo."

"Ndaona pa chandamale choyamba pomwe. Mivi iwiri pamodzi, pamwamba. Munthu wa diso saphonya mwaudongo choncho." Anagogoda paipi ija ndi chala. "Yako yoyera ili umu. Ndimayenda nayo nthawi zonse. Lamulo likulola kusintha mivi pa nthawi yopuma, bola uyonetse kwa woweruza."

Nthenga anayang'ana paipiyo. "Kodi sitingachotse nthengazo n'kumata zofiira?"

"Guluu sauma mphindi makumi atatu. Ndipo ngakhale akanauma, ine sindikanamata."

Anatseka mpopi n'kumuyang'ana.

"Tamvera, mwanawe. Mwezi woyamba womwe ndinakuuza kuti ukawauze amalume ako. Unati mawa. Mwezi wachiwiri unati akadwala phewa, asiyeni achire. Wachitatu unati mayeso. Ine ndinalakwanso, chifukwa ndinkakondwa kuona mwana wanzeru pakhomo panga, ndiye sindinakukakamize. Akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tonse awiri tinauona ukubwera, tinangouyang'ana. Lero wafika.

"Njira zilipo ziwiri, ndipo sindikusankhira. Ukhoza kupitiriza ndi yofiirayo. Utaya malo, anthu adzati linali tsiku loipa, amalume ako adzakupepesa, ndipo chinsinsi chako chikhalabe chako. Chaka chamawa udzakhala wopitirira msinkhu wa achinyamata, umenewo ndi mtengo wake. Kapena utenge iyi. Koma nthenga zoyera sizibisika, zimaonekera kutsidya la bwalo. Ukafuna kutenga, uyambe wapita kwa amalume ako, uwauze ndi pakamwa pako. Asamve kwa wometa, asaonere paphodo lako. Ine ndakangana ndi munthu ameneyu zaka khumi ndi ziwiri, ndamunenapo zambiri, zina zosayenera. Koma sindinamubereko kanthu, ndipo sindiyamba lero."

Ananyamula botolo lawo. "Mphindi zatsala makumi awiri. Njingayi ikhala pompano."

Nthenga anatsala yekha. Anasamba kumaso, anapukuta ndi malaya, n'kuima kanthawi akuyang'ana madzi akulowa m'ngalande. Kenaka ananyamuka kulunjika kumtengo umene gulu lofiira linkapumira.

5. Pansi pa mtengo

Amalume ake anakhala pachidebe chovundikira, akumwa tiyi wa m'fulasiki. Wometa ndi wowotcherera ankagawana buledi.

"Malume, ndimafuna ndikuoneni pambali."

"Lankhula pompano. Awa si alendo."

Nthenga ananjuta pafupi nawo. Mawu anayamba kutuluka motsika kwambiri moti wowotcherera, amene makutu ake anatha ndi phokoso la zitsulo, anasendeza mutu.

"Sindiponya ndi diso, malume. Ndimaponya ndi mpata. Ndakhala ndikuphunzira kwa a Mlingo miyezi inayi. Kulaibulale sindinkapitako. Manambala anga ndi a mivi yaitali, n'chifukwa chake lero ndikuphonya. Iwo ali ndi mivi yanga ina, yoyera. Ndikufuna ndiponye imeneyo masanawa."

Wometa, amene sanasowepo chonena chibadwire, anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake. Wowotcherera anaika buledi pansi.

Amalume ake anamaliza tiyi wa m'kapu, anakutumula kapuyo, n'kutsekera fulasiki. Sanafulumire.

"Miyezi inayi," anatero. "Lachiwiri ndi Lachinayi."

"Inde, malume."

"Mphwanga, ndikuuze chimene chikundipweteka, kuti usadzanamizire nthenga. Nthenga ndi nthenga, nkhuku zoyera ndi zofiira zimadyera mbale imodzi. Ukanabwera tsiku loyamba n'kunena kuti malume, njira yanu yandikanika kutali, ndikufuna ndikayese ya mdala uja, ndikanakalipa. Ndikanakalipa sabata yathunthu, umandidziwa. Koma ndikanakalipira m'shopu, chitseko chotseka, n'kutha.

"Iwe unasankha kundisiya ndiziyenda m'misewu ndikuimba nyimbo yabodza. Ndauza makasitomala. Ndauza awa. Ndinaima pamsonkhano wa kalabu, pamaso pa a Mlingo, n'kunena kuti onani mwana wa diso. Iwo ankandiyang'ana, akudziwa, iwe uli pambali panga ukumwetulira. Unandiveka chovala chong'ambika kumbuyo n'kundilola ndipite nacho kumsika. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndipo mtengo wake lero ndine.

"Mvetsa ichi, udzachikumbukira ine kulibe. Munthu akhoza kusintha njira, akhoza kusintha mphunzitsi, si mlandu. Koma asamadye kwa uyu n'kukasamba m'manja kwa uyo, onse awiri akumuyesa wawo. Mapanga awiri amavumbwitsa. Ndipo bodza lopanda mawu ndi bodza ndithu. Usadzadzinamize kuti poti sunatsegule pakamwa ndiye kuti sunaname."

Misozi inali ikutsika pamasaya a Nthenga, koma sanaipukute.

"Pepani, malume."

"Pepani wakoyo umusunge, nthawi yatha. Pita ukatenge miviyo. Sindinakuphunzitse zaka zisanu ndi zitatu kuti uzikabaya mitengo." Anatambasula dzanja. "Yofiirayo bweretsa kuno."

Nthenga anaitulutsa m'phodo, yonse isanu ndi umodzi, n'kuipereka ndi manja awiri. Amalume ake anaigoneka pamiyendo pawo, ndipo sanamuyang'anenso.

6. Masana

Woweruza anayeza mivi yoyera ija, anaona kuti ndi yofanana yonse, n'kulemba m'buku lake. Anayang'ana Nthenga pamwamba pa magalasi, koma sanafunse. Oonerera ndiwo anafunsa, ndipo ankafunsana mokweza. Phodo lomwe lija, uta womwe uja wa kalipentala, koma nthenga zoyera zili mbee kumsana.

"Wasamuka!" anakuwa wina wa gulu loyera. Anzake anaseka. A Mlingo anawatembenukira, ndipo kusekako kunatha.

Pa chandamale choyamba cha masana muvi woyamba wa Nthenga unangopeza mzere wakunja. Anapumira m'mwamba, anaonanso mtunda, anaika nsonga pampata wake. Wachiwiri unalowa pakati. Wachitatu unautsatira.

Kuchokera pamenepo anaponya ngati munthu amene akusesa pabwalo lakwawo. Sanayang'ane kuchingwe. Sanawerenge mapointi. Pa chandamale chilichonse ankaima, kuona mtunda, kukumbukira nambala, kukoka, kutaya. Anadutsa wachisanu, anadutsa wachinayi, anadutsanso wachitatu. Pofika pa chandamale chomaliza, Nsanamira anali atatenga kale malo oyamba, ndipo mtsikana wa gulu lofiira uja anali patsogolo pa Nthenga ndi mapointi atatu okha.

Chomalizacho chinali kutali, kutsidya la kadzenje, mamita makumi anayi. Mtsikana uja anayamba kuponya. Woyamba unagwera mu udzu, wachiwiri unapeza mzere wakunja, wachitatu mzere wa mapointi atatu. Anaponya bwino ndithu malinga ndi mtundawo, ndipo gulu lofiira linamuombera m'manja.

Mtunda umenewu ndi uja Nthenga anayambira pampanda wa a Mlingo. Panalibe mpata woti akumbukire, nsonga inkangofunika kukhala pakati penipeni. Woyamba unalowa mzere wa mapointi atatu. Wachiwiri, mphepo inaukankhira kumzere wakunja. Anadikira kuti masamba a mitengo aleke kugwedezeka, kenaka anataya wachitatu.

Thumba linalira kuti phu, ndipo nthenga zoyera zinaima pakati.

Gulu loyera linakuwa. Nsanamira anabwera kudzamugwira chanza. Mtsikana wa gulu lofiira anabweranso, maso ali psuu, n'kunena kuti, "Waponya bwino," kenaka anachoka msanga. Nthenga anatembenukira kuchingwe. Panali wometa ndi wowotcherera okha.

"Apita," anatero wowotcherera mokuwa, monga amalankhulira anthu osamva bwino. "Anaima kuseri kwa golo uko mpaka muvi womaliza. Utangolasa, anyamula chidebe chawo n'kumapita."

Woweruza anaitana opambana awiriwo n'kuwapatsa fomu aliyense.

"Ibwere Lachisanu, yodzaza," anatero. "Pansi apa pali mzere wa mphunzitsi wanu, alembe dzina ndi kusaina. Mphunzitsi mmodzi. Ameneyo ndi amene adzapite nanu. Popanda dzinalo, malo apita kwa wachitatu."

Nthenga anapinda fomuyo n'kuiika m'thumba la malaya. Mivi yoyera anakaibwezera m'paipi ya panjinga. A Mlingo sanafunse za fomu, ndipo iye sanaitchule.

7. Pansi pa benchi

Anafika kushopu dzuwa likadalipo. Chitseko chinali chotsegula. Amalume ake anali akupala thabwa, ndipo sanakweze mutu. Mivi yofiira inali pashelefu, yomangidwa ndi kachingwe.

Nthenga anamasula nsinga pa uta n'kuupachika pamsomali wake. Anaika fomu pakona ya benchi, n'kuitsindika ndi botolo la guluu. Poti panalibe womulankhula, anatenga tsache. Loweruka lililonse kusesa m'shopu inali ntchito yake, ndipo panalibe amene anamuuza kuti yatha.

Anasesa kuchokera kukhomo kupita mkati. Pansi pa benchi, mu utuchi, tsache linakokera timitengo ting'onoting'ono tozungulira. Anawerama n'kutola. Tinali tisanu ndi kamodzi, kalikonse kotalika zala ziwiri, kosongoka mbali imodzi pamene panali chitsulo.

Anatitengera pafupi ndi windo. Anatembenuza koyamba, n'kukakanda ndi chikhadabo. Anatembenuza kachiwiri. Zaka zisanu ndi zitatu m'shopu imeneyi zinali zitamuphunzitsa kuona mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi. Anayang'ana tonse, kamodzikamodzi, kawiri konse.

"Malume."

Phokoso la kupala linaleka.

"Timitengoti sitinang'aluke."

"Ndikudziwa," anatero amalume ake. "Wodula ndine."

Nthenga anangoima, timitengo tili m'manja.

"Mwezi wathawu unaiwala kope la samu pabenchi pano," anapitiriza. "Ndinati ndione ngati mphwanga akukhoza. Kumapeto ndinapeza samu imene saphunzitsa kusukulu. Ndinadikira sabata zinayi kuti unene wekha. Sunanene. Ndiye ndinatenga sowo."

"Ndikanataya malo, malume. Zaka zitatu."

"Ukanataya." Anaika chopalira pansi. Kwa nthawi yoyamba tsikulo mawu awo anatsika. "Ndinaima kuchingwe m'mawa wonse ndikuona mivi yako ikupita m'mwamba, ndikudziwa amene waikweza. Usaganize kuti tiyi uja ndinamumva kukoma. Pansi pa mtengo paja ndakuuza zambiri za bodza, ndipo zonse n'zoona. Chimene sindinanene n'chakuti wolankhulayo anali ndi lake m'thumba."

Anasendeza botolo la guluu n'kutenga fomu ija. Anaiwerenga yonse pang'onopang'ono, ataitalikitsa ndi maso, mpaka anafika pamzere wapansi. Anachotsa pensulo kukhutu. Nthenga anaona nsonga ya pensuloyo ikuyandikira pepala, n'kuima.

"Mzerewu ndi umodzi," anatero amalume ake. "Wina anakuphunzitsa kugwira uta n'kukudulira mivi tsiku la mpikisano. Wina anakuphunzitsa kulasa n'kukusungira bodza miyezi inayi. Tonse ndife odetsedwa m'manja, ndiye ine sindidzilemba ndekha."

Anatembenuza fomuyo kuti iyang'ane kwa Nthenga, n'kuika pensulo pamwamba pake.

Panja panamveka belu la njinga, kenaka munthu anakhosomola pakhomo. Pa zaka khumi ndi ziwiri zonse, a Mlingo anali asanapondepo m'shopu imeneyi.

"Odi, akalipentala," anatero. M'manja ananyamula paipi ya pulasitiki ija.